Kukwera ku Khondowe: Livingstonia, tauni imene inayamba ngati sukulu

Basi yochokera ku Mzuzu ikatsetsereka pa Chiweta n'kufika m'mphepete mwa nyanja, pamatsala mtunda pang'ono kuti mufike pa Chitimba. Apa mwayenda makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndipo ngati mwachokera ku Lilongwe kudzera ku Kasungu ndi ku Jenda, onjezanipo ena 360. Pa Chitimba palibe zambiri: timagolosale, amayi ogulitsa nsomba ndi nthochi, anyamata a kabaza, ndi msewu wafumbi wolowera kumadzulo umene umaoneka ngati ukukathera m'thanthwe. Mukakweza maso mumangoona khoma la miyala ndi mitengo. Tauni ya Livingstonia, ndi koleji, tchalitchi ndi chipatala chake, ili pamwamba pa khomalo, paphiri la Khondowe, mamita oposa 800 kuchokera pamene mwaimapo.

Wofika koyamba amadabwa kuti munthu wanzeru zake anamangiranji sukulu pamalo ovuta chonchi, nyanja ili pomwepa ndi madzi ake ndi usipa wake. Chimene chinakweza amishonale kuno ndi manda, ndipo mandawo sali kuno ayi. Livingstonia ya ku Khondowe ndi yachitatu. Yoyamba inali ku Cape Maclear, kwa Chembe ku Mangochi, kumene amishonale ochokera ku Scotland anafika mu Okutobala 1875 pa sitima ya Ilala, patangotha zaka 2 David Livingstone atamwalira. Sitimayo anachita kuimasula, anthu mazanamazana n'kuisenza pamutu zidutswazidutswa kulambalala mathithi a Shire, kenako n'kuilumikizanso kumtunda. Pofika 1881 atawerengera zimene apindula anapeza manda 5 ndi wobatizidwa mmodzi yekha, Albert Namalambe. Mmodzi mwa ogona m'mandamo ndi Shadrach Mngunana, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene anabwera mu 1876 pamodzi ndi William Koyi. Chaka chomwecho cha 1881 anasamukira ku Bandawe, kwa Atonga. Kumeneko masukulu anadzaza mpaka kusowa pokhala, koma malungo anawalondola. Nthawi imeneyo kunalibe amene ankadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu, poti zimenezi zinatsimikizika mu 1897. Iwo ankangoti ndi mpweya woipa wa m'madambo, ndiye mankhwala ake n'kukwera phiri. Anaphonya chifukwa chake, koma phirilo linawathandizadi, poti kumalo ozizira udzudzu umachepa.

Mu 1894 Dr Robert Laws, mtsogoleri wa mishoniyi, ndi Yuraia Chatonda Chirwa, Mtonga amene anali dzanja lake lamanja kwa zaka zambiri, anamanga hema pamwamba pa Khondowe n'kusankha malowo. Pamene anagonapo pali mulu wa miyala wachikumbutso mpaka lero.

Msewu wochokera pa Chitimba anthu amautcha Golodi. Ndi wa makilomita 15 kapena 16, uli ndi makona akuthwa 20, ndipo anaulambula cha m'ma 1905 kuti ngolo za ng'ombe zizikweza katundu wotsitsidwa m'sitima pagombe la Chitimba, limene azungu ankalitcha Florence Bay. Msewu usanabwere, chitsulo chilichonse, lata lililonse, makina osindikizira mabuku, zinkakwera pamutu pa anthu amtengatenga. Kukumbukira kuti unali wa ngolo kumathandiza kuumvetsa: sukwera mwankhanza kwenikweni, umachita kuzungulira phiri pang'onopang'ono, koma ndi wopapatiza ndipo makona ake anawapimira ngolo, osati lole.

Ngati mukuyendetsa nokha, pamafunika galimoto yokwera m'mwamba, makamaka yokoka matayala onse 4. Vuto silikhala mphamvu ya injini yokha, koma miyala yosongoka imene imang'amba matayala m'mbali ndi kukhula kunsi kwa galimoto. Onani tayala lapadera musananyamuke, kuti lili ndi mpweya ndiponso kuti jeke ndi sipanala zilimo. Yendani pa giya yoyamba ndi yachiwiri basi. Lowani pakona muli kale pa giya yoyamba, chifukwa kusintha giya pakati pa kona ndi kumene kumazimitsa injini, galimoto n'kuyamba kubwerera m'mbuyo kumene kuli phompho. Kona yambeni kunja kwake, kenako muzipinda chiwongolero mpaka kumapeto. Mukaiyamba m'kati, tayala lakumbuyo limakwera pachitunda n'kumangozungulira m'malere. Galimoto yaitali pamakona ena siitha kukhota kamodzi, imachita kubwerera m'mbuyo kaye, ndiye wina atsike aziuza woyendetsa, ali ndi mwala m'manja woti atsekere tayala. Lizani hutala musanafike pakona iliyonse, popeza wotsika simumuona mpaka mutakumana mphuno ndi mphuno, ndipo wotsikayo ndi amene ayenera kupatuka pomwe pali mpata kuti wokwera asaime. Makona ena anawathira konkire, koma pakati pa kona ndi kona ndi dothi ndi miyala. Nyengo yadzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, madzi amakumba ngalande pakati pa msewu ndipo dothi lofiira limaterera ngati therere. Ukakhala wouma, muwerengere ola limodzi kapena kupitirira pang'ono.

Opanda galimoto ali ndi njira zitatu. Matola, amene nthawi zambiri amakhala mapikapu, amadikira pamphambano mpaka adzaze, ndipo kudzaza kwake kulibe nthawi. Wofika madzulo akhoza kugona pa Chitimba osafuna. Njinga zamoto za kabaza n'zachangu, koma gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo chikwama chachikulu chimangidwe panjinga, chisakhale kumsana kwanu, chifukwa pokwera chimakukokerani chagada. Njira yachitatu ndi wapansi, maola 4 kapena 5. Nyamukani dzuwa lisanatuluke, tengani madzi osachepera malita 2, chifukwa theka loyamba mumakhala mukadali m'kutentha kwa kunyanja. Pali tinjira tachidule todula makona, koma n'totsetsereka kwambiri ndipo timasokoneza. Ngati mulibe wokuperekezani wodziwa deralo, tsatani msewu.

Amene galimoto yawo ndi yaing'ono asadzivutitse ndi Golodi. Pali msewu wina wochokera cha ku Rumphi, wodutsa m'munsi mwa mapiri a Nyika, umene anauthira phula. Ndi wautali koma ndi umene mabasi a ana asukulu ndi malole amadzera.

Makona akatha, patatsala makilomita ngati 4 kuti mulowe m'tauni, mumamva mkokomo kumanzere. Ndi mathithi a Manchewe, pamene madzi amagwa mamita 125 kulowa m'chigwa chodzaza ndi mitengo. Kuseri kwa madziwo kuli phanga, ndipo Aphoka, eni ake a mapiri ano, amati makolo awo ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo. Kanjira kopita kuphangako n'konyowa chaka chonse, kodzaza ndele, ndiye nsapato zosalala kunsi zisiyeni m'galimoto. Manchewe si malo ongojambulirapo zithunzi. Ali m'mbiri ya sukuluyi. Madzi a mtsinje womwewu ndi amene anapukusa makina opangira magetsi kuyambira 1905, moti Khondowe anali m'gulu la malo oyambirira m'dziko muno kuyatsa getsi, midzi yozungulira ikuunikira ndi moto wa nkhuni. Madzi akumwa anali atafika kale m'mapaipi achitsulo ochokera ku akasupe a kumapiri, oyenda okha popanda pampu, kutsika chigwa n'kukweranso tsidya lina.

Mukalowa m'tauni muona kuti si tauni monga timadziwira. Matauni athu ambiri anayamba ndi msika kapena boma, sukulu n'kubwera pambuyo. Kuno kunayamba sukulu. Msewu ndi umodzi wotsata msana wa phiri, mabulugama ataliatali m'mbali, ndipo nyumba za njerwa zootcha zofiira, zamakonde aakulu ndi malata, zandanda motalikirana kuyang'ana kunyanja. Ambiri mwa amene anaumba njerwazo, kusema miyala, kucheka matabwa ndi kupala mafelemu a mawindo anali ophunzira ntchito a pasukulu pomwepa ndi amisiri amene anatuluka m'manja mwa aphunzitsi ake. Laws mwini wake anali mwana wa kalipentala wa ku Aberdeen, ndipo anaphunzira ntchito ya matabwa asanakhale dokotala ndi mbusa. N'chifukwa chake sukulu imene anatsegula mu 1894, Overtoun Institution, inali ndi mbali ziwiri. Mbali ina inkaphunzitsa aphunzitsi, azaumoyo, alembi ndi abusa. Mbali inayo inali ya luso la manja: ukalipentala, zomangamanga, kusula zitsulo, kusindikiza ndi kumanga mabuku, ulimi, ndi kutumiza mauthenga pa waya wa telegalafu. Wophunzira ntchito ankasainira zaka 5. Mukamayenda m'taunimu muziyang'ana mmene njerwa zinalumikizirana pamwamba pa zitseko, zopindika ngati uta popanda chitsulo chozigwira, ndipo zakhala choncho zaka zoposa 100.

Dzina la Overtoun ndi la Lord Overtoun, John Campbell White, mponda matiki wa ku Glasgow amene anathira ndalama zambiri pa mishoniyi. Pano pali kanthu kamene otsogolera alendo satchula kawirikawiri. Chuma chake chinkachokera ku fakitale ya mankhwala a m'mafakitale ku Shawfield, kumene mu 1899 wandale Keir Hardie anaulula kuti antchito ankagwira maola 12 pa tsiku, masiku 7 pa sabata, fumbi la mankhwalawo likuwaboola m'mphuno. Bwanayo anali wotchuka polimbikitsa kusunga Sabata. Ndiye mapaipi a madzi a ku Khondowe ali ndi thukuta la amphawi a ku Scotland komanso la amtengatenga a kuno.

Poyambira kuona ndi pa Stone House, nyumba yamiyala imene Laws anamanga mu 1903 n'kukhalamo mpaka pamene anachoka. Lero muli nyumba yosungiramo zinthu zakale: zithunzi, makalata, mabuku, zida zachipatala, ndi magalasi a zithunzi amene ankaonetsa pakhoma ndi nyali pophunzitsa. Ndi kanyumba kochepa, ola limodzi n'lokwanira, koma werengani makalatawo osathamanga. Ife olankhula Chichewa tili ndi gawo lathu pano: Laws anayamba ntchito yake kum'mwera kwa nyanja, choncho chilankhulo choyamba chimene anaphunzira ndi Chinyanja. Chipangano Chatsopano chimene anamasulira m'Chinyanja chinatuluka mu 1886, ndipo mtanthauziramawu wake wa Chingerezi ndi Chinyanja mu 1894, chaka chomwe anakwera ku Khondowe. Chitumbuka chinadzalowa m'malo pambuyo pake, mishoni itakhazikika kumpoto.

Mukatuluka m'nyumbamo yang'anani pansi, pakapinga. Pali zilembo zikuluzikulu zoyera zolozera ku Aefeso 2:14. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, atsogoleri a Nyasaland African Congress n'kumangidwa, anthu n'kuwomberedwa ku Nkhata Bay. Boma linkaopa kuti azungu a ku Livingstonia aphedwa. Msewu unali wosadutsika, ndiye ndege inaponya uthenga wowauza kuti aike chizindikiro pansi chosonyeza ngati akufuna kuwachotsa. Akuda ndi azungu a pamishoni atakambirana, anandandalika njerwa zopaka laimu kulemba vesi limenelo, lonena za Khristu amene ali mtendere wathu, amene anagumula khoma lolekanitsa anthu. Ndegeyo itabweranso inajambula, chithunzicho n'kutuluka m'nyuzipepala. M'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene malamulo ankalekanitsa anthu potengera khungu, uwu unali mwano waulemu kwa boma. Zilembozo anazikhazika kuti zisachoke. Muli pansi zimaoneka zotambalala mosawerengeka bwino, poti anazilembera munthu wa m'mwamba.

Tchalitchi chili chapafupi, chanjerwa, chokhala ndi nsanja. Anachiyamba mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati, ndipo chinatha patapita zaka zambiri Laws atapita kale. Lowani m'mawa dzuwa likuwomba pawindo lagalasi lamitundumitundu: pali Livingstone ndi anzake apaulendo, bokosi lake la mankhwala ndi chida chake chopimira nyenyezi, nyanja ili kumbuyo. Ngati mwapeza woyang'anira, pemphani akutsegulireni kunsanja. Makwerero ake ndi opapatiza, koma pamwamba mumaona phiri la Chombe, nyanja, ndipo kukakhala kopanda nkhungu, mapiri a ku Tanzania tsidya lina. Ku Livingstonia kuno n'kumene mu 1924 mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre inagwirizana kupanga CCAP, Laws n'kukhala mtsogoleri wake woyamba. A ku Nkhoma analowamo mu 1926. Chipatala cha David Gordon Memorial, chimene chinatsegulidwa mu 1911, chikugwirabe ntchito. Ndi chipatala, si malo oonera, ndiye kujambula odwala ayi.

Koma mbiri yeniyeni ya koleji ili mwa anthu amene anatsika phirili. Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, anamaliza maphunziro a uphunzitsi kuno ali mnyamata, n'kupita kum'mwera kukafuna ntchito. Mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town, limene pofika 1927 linkati lili ndi mamembala 100,000. David Kaunda, wophunzira wina wa pano, anatumizidwa kukalalikira kwa Abemba ku Chinsali mu 1904 ndi 1905, ndipo mwana wake Kenneth, wobadwira ku Lubwa mu 1924, anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Levi Mumba anali mlembi wa North Nyasa Native Association mu 1912, kenako pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Legson Kayira, wa ku sekondale ya pano, ananyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro ku America, anakafika ku Khartoum, ndipo mu 1960 anafikadi ku America.

Enanso anatuluka chifukwa chokhumudwa, ndipo nkhani yawo ndi yofunika chimodzimodzi. Elliot Kamwana anachoka mu 1901 sukulu itayamba kulipiritsa fizi, n'kubwerera kwawo mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000 kwa Atonga, boma n'kumuthamangitsa. Chimene chinamupatsa anthu n'chakuti mishoni inkachedwetsa ubatizo zaka ndi zaka. Ubusa nawonso ankauchedwetsa. Charles Domingo, amene anakulira m'nyumba ya Laws ndipo anamaliza maphunziro a ubusa bwinobwino, anadikira kudzozedwa mpaka kutopa, n'kuchoka. Abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 mishoni itafika, ndipo Mwasi naye anadzachoka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake. Sukuluyi inkaphunzitsa anthu kuwerenga, kutsutsa ndi kulemba makalata a madandaulo, kenako n'kumadabwa akayamba kuidandaula iyo yomwe. Ngakhale Kamuzu Banda ali m'nkhaniyi mwa kusafikako. Mu 1915 ankalemba mayeso ku Chilanga, ku Kasungu, amene akanamutsegulira njira ya kuno. Malinga ndi mmene ankafotokozera mwini wake, anaimirira kuti aone bwino pabolodi, woyang'anira mayeso T. Cullen Young n'kumutulutsa poganiza kuti akuonera. Posapita nthawi ananyamuka ulendo wa ku Rhodesia ndi ku Joni.

Mukaona mayina onsewa muona chinthu chimodzi: palibe amene anatchuka ali pa Khondowe. Phiri limene linapulumutsa sukulu ku malungo ndi lomwenso linaitsekera. Kumpoto kunalibe minda ikuluikulu kapena mafakitale olemba ntchito akalipentala, alembi ndi osindikiza ochuluka chotere, ndiye ankathera ku Blantyre, ku migodi ya Rhodesia, ku Tanganyika ndi ku South Africa. Katundu aliyense wokwera Golodi ankafika atakwera mtengo. Laws ankalota yunivesite pamalo pano, koma atachoka mu 1927, atagwira ntchito zaka 52, amene anamulowa m'malo anaona kuti zolinga zakezo n'zodula ndipo anazichepetsa. Iye anamwalira mu 1934. Msewu waukulu utadutsa kunsi m'mphepete mwa nyanja, ndi Mzuzu itakula, ngakhale likulu la sinodi linakakhala ku Mzuzu. Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa mu 2003 ndi Sinodi ya Livingstonia ya CCAP, kuyamba ndi maphunziro a uphunzitsi. Nthambi ya pano imatchedwa Laws, ina ili ku Ekwendeni. Pamodzi ndi sekondale ndi koleji ya ntchito zamanja, ndi ophunzira amene amapatsa moyo taunili. Mukabwera nthawi ya holide mupeza zii, moti n'kumva mphepo m'mabulugama.

Kusakula kumeneku n'kumene kwasunga malowa. Kukanakhala kuti Livingstonia ili pa M1, nyumba zanjerwazi bwenzi zitabisika kuseri kwa mashopu ndi zikwangwani. Koma kusunga kwake n'kwa umphawi: malata ena achita dzimbiri, makonde ena apendekeka, ndipo pena akonza ndi simenti pamene panali laimu. Simenti ndi youma kuposa njerwa zakalezi ndipo imatsekera chinyezi m'kati, ndiye m'malo moti matope a pakati aphwanyike, imafumbutuka ndi njerwa yeniyeniyo. Mukayang'anitsitsa m'munsi mwa makoma ena muona njerwa zolowa m'kati, simenti itatsala yokha ngati chisa cha njuchi.

Tsiku limodzi ndi lokwanira kuona tauni, koma gonani usiku umodzi kuti muone dzuwa likutuluka panyanja. Malo ogona alipo m'tauni ndi m'mphepete mwa phompho cha ku Manchewe, funsiranitu musanakwere. Ndalama ndi mafuta a galimoto tengeranitu ku Mzuzu kapena ku Rumphi. Mu Juni ndi Julaye kumazizira zenizeni, nkhungu n'kuphimba msewu m'mawa, ndiye juzi musaiwale ngakhale pa Chitimba mukutuluka thukuta. Chichewa amamva, koma kuno n'kwa Atumbuka: yambani ndi "Monire", akakufunsani "Muli uli?" muyankhe "Nili makora, kwali imwe?", pothokoza muziti "Yewo". Lamulungu tchalitchi chimakhala cha opemphera, ndiye kukwera nsanja ndi kujambula dikirani mapemphero athe. M'mapiri ozungulira Aphoka amalima khofi, ndipo mukamupeza wokazinga kale gulani, ndi wabwino.

Kutsika Golodi n'koopsa kuposa kukwera, ndipo ngozi yake ndi mabuleki. Mukamangopondereza buleki makilomita onse 15, mapadi amatentha, mafuta a mabuleki n'kuwira, ndipo chopondera chimangolowa mpaka pansi osagwira kanthu. Ikani giya yoyamba, musiye injini izigwira galimoto, buleki muziiponda mwamphamvu kanthawi kochepa musanafike pakona kenako n'kuisiya. Ngati galimoto ndi ya otomatiki, chotsani pa D muike pa L kapena 1. Mukamva fungo lopserera, imani pomwe pali mpata, tsekerani tayala ndi mwala, mudikire mphindi 20 kapena 30. Musathire madzi pazitsulo zotenthazo chifukwa zimapindika. Mukafika pa Chitimba, ngati nthawi ilipo, bwererani ku Mzuzu n'kutsikira ku Nkhata Bay, mudutse Chintheche pa msewu wa M5. Chakum'mwera pang'ono kuli Bandawe yakale, tchalitchi chake ndi manda a amene sanafike ku Khondowe.